Mawu Akuti "Mphamvu" Asenzetsedwa Katundu Wochuluka

Mwa mawu amene alembi a nkhani za sayansi amawagwiritsa ntchito mosasamala, palibe oposa akuti mphamvu. Pa nkhani ya magetsi mawuwa akuimira zinthu zitatu zosiyana: kukankha kwa magetsi, kumene kumayezedwa m'mavoliti, kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, kumene kumayezedwa m'maampeya, ndiponso ntchito imene magetsiwo amagwira pa sekondi, imene imayezedwa m'mawati. Pokamba za babu la m'nyumba chisokonezochi sichivulaza kanthu. Koma mphunzitsi akamalemba malangizo a kalumikizidwe ka tchipi ndi microcontroller, kakompyuta kokhala m'tchipi imodzi, mawu osasankhidwa bwino amawotchetsa chipangizo.

Chitsanzo ndi ATmega328P, microcontroller ya pa Arduino Uno. Opanga ake amati imagwira ntchito ikapatsidwa mavoliti a pakati pa 1.8 ndi 5.5, ndipo mwendo wake umodzi usapyoze mamiliampeya 40. Mlembi wongoti "mphamvu isapitirire malire" sananene ngati akukamba za mavoliti kapena za maampeya. Wophunzira wowerenga chiganizo chotere angathe kulumikiza mwendo wa Uno, wotulutsa mavoliti 5, ku mwendo wa Raspberry Pi, umene unapangidwira mavoliti 3.3, nawononga chipangizo chodula.

Mawu akuti malire nawonso sakwanira paokha, pakuti malire alipo awiri. Oyamba ndi malire ogwirira ntchito, monga mavoliti 5.5 aja. Achiwiri ndi malire owonongekera, amene pa tchipi yomweyi ndi mavoliti 6. Oyambawo ali ngati mpanda wa munda, achiwiriwo ngati m'mphepete mwa phompho. Mlembi wophatikiza ziwirizi amaphunzitsa mwana kulima m'mphepete mwa phompho.

Chovuta koposa nchakuti malire a miyendo amasuntha. Lamulo la tchipiyi limati voliteji yolowa pa mwendo wamba isapose voliteji yoyendetsa tchipiyo ndi theka la voliti. Tchipi ikayatsidwa pa mavoliti 5, malirewo ndi 5.5, ikazimitsidwa, malirewo amatsikira pa theka la voliti chabe. Choncho chizindikiro chimene chinali chosavulaza tchipi ili yoyaka chimasanduka choopsa tchipiyo ikazima. Magetsi amadzera m'madayodi otetezera a m'kati mwa mwendo, nayamba kudyetsa tchipi yonse kudzera pa khomo losayenera. Tchipiyo imatha kudzuka mwatheka nkumachita zosalongosoka, ndipo dayodiyo imatha kupsa. Nchifukwa chake tchipi iyenera kulandira magetsi ake chizindikiro chisanafike pa miyendo, ndipo pozimitsa chizindikirocho chiyambe chachoka.

Apa mlandu suli pa chinenero. Chichewa chili ndi njira zomveka zosonyezera chimene chiyenera kuyamba: "musanalumikize", "mukayatsa", "yambani mwachotsa". Cholakwa cha alembi ambiri nkumanga zochita ziwiri ndi mlumikizi "ndi" kapena "ndipo". Chiganizo chakuti "yatsani tchipi ndipo lumikizani chizindikiro" chimalola wowerenga kuganiza kuti zonse zingachitike nthawi imodzi. Chakuti "musalumikize chizindikiro tchipi isanayake" sichisiya mpata wokayikira, ngakhalenso sichitalika.

Kalembedwe ka mawu obwereka kafunikanso kusamala. Ena amalemba "mavoti" potanthauza muyezo wa magetsi, chikhalirecho mawuwa anakhazikika kale pa nkhani ya chisankho. Muyezowu unatchedwa potsata dzina la Alessandro Volta wa ku Italy, amene anapanga batire loyamba m'chaka cha 1800, kotero lembo la "l" lili ndi chifukwa chokhalirapo. Popeza phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, kalembedwe koyenera ndi voliti, mavoliti ndi voliteji.

Kotero akonzi a mabuku ayenera kusungira mawu akuti mphamvu chimene chimayezedwa m'mawati, nalola voliteji ndi karenti kuima paokha monga amisiri amanenera kale. Paliponse pamene palembedwa malire, mkonzi afunse kuti ndi malire ati. Ndipo pamene pali zochita ziwiri, afunse kuti choyamba nchiti.