Kulira Motsata Zilembo: Luso la Buku la Maliro

Munthu amene nyumba yake yapsa salira motsata ndondomeko. Koma mlakatuli wa buku la Maliro anatero, Ababulo atagwetsa Yerusalemu ndi kutentha kachisi m'chaka cha 586 Khristu asanabadwe. Mwa ndakatulo zisanu za m'bukuli, zinayi zoyambirira anaziyala motsata zilembo 22 za Chiheberi, kuyambira alefi mpaka tau. M'Baibulo la Chichewa dongosololi silioneka, kupatula pa chiwerengero cha mavesi a mutu uliwonse: 22, 22, 66, 22, 22.

Zilembozi ndizo zinamupatsa poponda kuti anene zosaneneka. M'mutu 2, Mulungu si mbusa ayi. Wakoka uta ngati mdani, wameza nyumba za anthu ake omwe, wataya guwa lake lansembe. Ana akukomoka ndi njala m'misewu, ndipo amayi afika podya ana awo. Mawu otere akanatha kusanduka kukuwa chabe. Koma chilembo chilichonse chimamuumiriza kuti aponde pena, osalumpha bala ngakhale limodzi, komanso osakhazikika pabala limodzi mpaka kalekale. Mizere yambiri imatsimphina, chigawo choyamba chachitali, chachiwiri chachifupi, monga mpweya umathera pakhosi pa wolira.

Luso lalikulu lili pamalo amene anaikapo chifundo. Sanachisungire kumapeto kuti chikhale mphotho ya wopirira. Chili m'mutu 3, pakatikati pa bukuli, pomwe chilembo chilichonse chapatsidwa mavesi atatu. Wolankhulayo atangodandaula kuti Mulungu wamutsekera m'linga ndipo sakumva pemphero lake, akukumbukira kuti chifundo cha Mulungu yemweyo sichitha. Kenako mutu 4 ukutibweza kunjala ndi kumitembo. Amene akukantha ndi amene akuyembekezeredwa ndi mmodzi, ndipo mlakatuli sakuwalekanitsa kuti atipepukitse mtima.

N'chifukwa chake zimandipweteka alaliki pamaliro akamathothola mavesi 22 ndi 23 a mutu 3 n'kusiya zina zonse. Mavesiwa amalemera chifukwa cha mdima umene wawazinga. Ukawachotsa pamenepo amasanduka mawu otonthozera msanga munthu amene sanamalize kulira.

Mutu 5 uli ndi mavesi 22, koma zilembo sizikutsatananso. Anthu onse akupempha kubwezeretsedwa, ndipo vesi lomaliza likusiya poyera mantha akuti mwina Mulungu wawakaniratu. Iye mwini sakuyankha. Ayuda akamawerenga bukuli pa Tisha B'Av, tsiku lokumbukira kugwa kwa kachisi, amabwereza vesi 21 pomaliza kuti asathere pa mkwiyo. Mlakatuli sanadzipatse mpata umenewo. Anaona kuti kulankhulabe ndi Mulungu amene wakukwiyira ndi chikhulupiriro chokwanira, ndipo ine ndikuti analondola.