Imfa ya Mbona pa Bwalo la Zisudzo

Zisudzo zambiri zimene timaonera ku Ndirande ndi ku Bangwe zatizoloweza kuseka ngakhale nkhani ili ya maliro. N'chifukwa chake tabwereranso ku The Rainmaker, sewero la Steve Chimombo losindikizidwa ku Limbe mu 1978. Mbona, woitana mvula amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, akuphedwa chifukwa cha kaduka ka akuluakulu amene mvula inawakana.

Ife sitipembedza Mbona, pakuti mvula ndi moyo zili m'manja mwa Allah. Komabe Chimombo wailemekeza imfa, ndipo funso lake n'lolasa mtima: kodi mudzi umamutani mnyamata amene luso lake laposa la akulu? Magulu athu a zisudzo alimbe mtima, alifunse funsoli pabwalo.