Kujambula munthu wokhutira: luso la mufilimu ya Perfect Days

Mu 2023 Wim Wenders, katswiri wokonza mafilimu wa ku Germany, adatulutsa filimu ya maola awiri yonena za bambo wina wachikulire amene ntchito yake ndi kutsuka zimbudzi mumzinda wa Tokyo. Dzina la filimuyo ndi Perfect Days. M'menemo mulibe wophedwa, mulibenso wolemera mwadzidzidzi, ndipo bamboyo, Hirayama, amatha mphindi zambirimbiri osatsegula pakamwa. Komabe Kōji Yakusho, amene adasewera ngati Hirayama, adalandira mphotho ya mwamuna wosewera bwino koposa pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes chaka chomwecho, ndipo filimuyo idaimira dziko la Japan pa mpikisano wa Oscar mpaka kulowa m'gulu la asanu omaliza. Chimene chikundikoka ine si mphothozo ayi, koma funso la luso: munthu wokhutira ndi moyo wake mungamujambule bwanji kuti woonera asayambe kuwodzera?

Aliyense amene adayesapo kulemba sewero akudziwa kuti nkhani imayenda ndi mavuto. Mkazi akapezerera mwamuna wake ndi chibwenzi, wolemba wapuma, poti kukuwa, kulira ndi kuponyerana katundu zimugwirira ntchito yotsalayo. Koma chimwemwe cha tsiku ndi tsiku chilibe phokoso. Munthu akamva kukoma kwa khofi m'mawa sakuwa, ndipo akakhumudwa pang'ono masana sapita kukasuma. Zinthu zoterezi n'zimene zimadzaza moyo wa anthu ambiri, komanso n'zimene kamera imalephera kugwira kawirikawiri. Wenders ndi mnzake Takuma Takasaki, amene adalemba naye nkhaniyi, adasankha dala malo ovutawa.

Chida chawo chachikulu ndi kubwereza. Kusanache, gogo wina amasesa mumsewu, ndipo kulira kwa tsache lakelo ndiko kumadzutsa Hirayama. Kulira kumeneko khutu la kwathu kuno silichedwa kukuzindikira. Amapinda zofunda, amatsuka mkamwa, amadulira ndevu, amawazira madzi timbande tamitengo timene amasunga m'chipinda, amavala ovolosi. Pafupi ndi khomo pali kashelefu pamene adandanditsa makiyi, kamera, chikwama ndi ndalama zachitsulo. Akatsegula chitseko amayang'ana kumwamba, kenaka amagula khofi wam'chitini pa makina, n'kukwera kagalimoto kake. Tsiku loyamba filimu imationetsa zonsezi mosathamanga. Masiku otsatira imazidula, imasintha poimira kamera, imalumpha zina. Woonera amakhala ataloweza dongosolo lonse osadziwa kuti akuphunzitsidwa.

Phindu la kuphunzitsa kumeneku limaoneka pamene kanthu kasintha. Pa kashelefu paja pali wotchi imene Hirayama amaisiya akamapita kuntchito, koma amaivala tsiku lopuma. Palibe amene amafotokoza chifukwa chake, ndipo kamera siiloza ndi chala. Diso lokha, poti lazolowera kuona dzanja likuidutsa, limadzidzimuka likaona dzanjalo likuitenga. Chimodzimodzi pamene Niko, mwana wa mlongo wake, wathawa kwawo n'kufikira kwa malume akewo. M'mawa mwake Hirayama akuyenda monyang'ama kuti atenge ovolosi osadzutsa mlendo, ndipo pa makina paja pakugwa zitini ziwiri m'malo mwa chimodzi. Chitini chachiwiricho chikunena zambiri kuposa mawu amene wolemba wina akadaika m'kamwa mwa malumeyo, onena kuti wasangalala kulandira mphwake. Koma chikutha kunena zimenezo chifukwa choti tidaonerera chitini chimodzi chikugwa chokha m'mawa uliwonse. Luso lagona pamenepo: filimu imayamba yachepetsa muyeso wa zinthu, kuti kanthu kakang'ono kathe kulemera.

Zokhumudwitsa nazo zimayesedwa ndi muyeso womwewo. Tsiku lina Hirayama akupeza kamnyamata kakulira m'chimbudzi, katasochera. Akukagwira padzanja n'kutuluka nako kukafuna mayi wake. Mayiyo akutulukira ali wefuwefu, akukalipira mwanayo, kenaka akutulutsa kansalu konyowa n'kupukuta dzanja limene Hirayama adagwira. Zikomo palibe, ngakhale kumuyang'ana kumaso. Chipongwe chimenechi n'chenicheni, ndipo aliyense amene adagwirapo ntchito yonyozeka akudziwa kupweteka kwake. Wokonza filimu wina akadalowetsa nyimbo yachisoni pamenepa, akadayandikiza kamera kumaso mpaka msozi utuluke, kapena akadakonza kuti mayiyo adzachite manyazi kutsogoloku. Wenders sachita chilichonse mwa zimenezi. Kamera ikungokhala pa Hirayama nthawi yokwanira kuti tione kuti chamulasa. Ndiye mwana uja, akukokedwa ndi mayi wake, akucheuka n'kukweza kadzanja kutsazika, ndipo nkhope ya Hirayama ikumasuka. Kutsazikako sikufafaniza chipongwecho. Zonse ziwiri zachitika m'mphindi imodzi, zonse n'zoona, ndipo filimu ikukana kukulitsa chimodzi kuti chimeze chinzake. Ndimaona kuti gawo limeneli ndilo mtima wa filimu yonse.

Zina zokhumudwitsa n'zamtundu umene aliyense amakumana nawo. Takashi, mnyamata amene amagwira naye ntchito, ndi waulesi, wolongolola, ndipo akufuna ndalama zoti akasangalatsire mtsikana. Akumukokera Hirayama ku sitolo yogula nyimbo zakale kuti agulitse makaseti ake, poti tsopano ali ndi mtengo. Hirayama akukana, koma akukhuthula chikwama chake n'kumupatsa. Pobwerera mafuta akumuthera panjira, m'thumba mulibe kanthu. Kukoma mtima kwamupweteketsa, ndipo palibe mphotho imene ikumudikira. M'mawa mwake tsache likulira, iye akudzuka n'kuyang'ana kumwamba monga mwa masiku onse. Palinso nkhani ya zithunzi. Pa nthawi ya nkhomaliro Hirayama amakhala pabwalo la kachisi wina n'kumajambula kuwala kwa dzuwa kodutsa m'masamba, pogwiritsa ntchito kamera yakale ya filimu. Akakatenga zithunzizo kotsukitsa, amakhala pansi n'kuzisankha: zabwino amaziika m'chitini, zoipa amazing'amba pomwepo osadandaula. Ndimakonda kuti olemba adaika kung'ambako. Munthuyu amadziwa kusiyanitsa chabwino ndi choipa, ndipo kusangalala kwake n'kwa munthu wosankha.

Nyimbo za mufilimuyi pafupifupi zonse ndi zimene Hirayama mwini akumvera pa makaseti ake: The Animals, Otis Redding, Patti Smith, Van Morrison, Lou Reed amene nyimbo yake idapereka dzina la filimuyi. Kusiyana kwake ndi nyimbo zongothiridwa pamwamba n'kwakukulu. Nyimbo yothiridwa imalamula woonera kuti amve chisoni kapena chimwemwe. Nyimbo ya pakaseti imationetsa munthu akudzisankhira chomusangalatsa pa ulendo wa kuntchito, ndipo akazimitsa injini nyimbo imaduka, kutsala phokoso la mzinda. Wojambula Franz Lustig adagwiritsa ntchito chithunzi chopapatiza cha 4:3, chonga cha wailesi zakanema zakale, chimene sichipereka malo ambiri m'mbali. Chimakwana munthu mmodzi, kachipinda kake, ndi mtengo wotalika. Usiku uliwonse kumabwera maloto achidule opanda mtundu, okonzedwa ndi Donata Wenders, osakaniza masamba, madzi ndi nkhope za tsikulo. Malotowa ndimawaona okongola koma ochulukirapo. Theka lake likadakwanira.

Wenders sadatole lusoli m'malere. Adalitengera kwa Yasujirō Ozu, wokonza mafilimu wa ku Japan amene adamwalira mu 1963, ndipo Wenders adapitapo ku Japan kukajambula filimu yofufuza mapazi ake, Tokyo-Ga, yotuluka mu 1985. Dzina loti Hirayama lomwelo likuchokera kwa Ozu: ndi dzina la banja la mu Tokyo Story ya 1953, komanso la bambo wa mufilimu yake yomaliza ya 1962. Mu Tokyo Story makolo okalamba akuchoka ku Onomichi kukaona ana awo mumzinda, koma anawo atanganidwa, mpaka kuwatumiza kumalo opumulirako ku Atami kuti awachoke pamaso. Amene akuwasamala ndi mpongozi wawo wamasiye. Palibe mwana woipa mufilimuyo, alipo otanganidwa basi, ndipo makolowo akubwerera kwawo akuthokoza. Ozu ankaika kamera pansi, pa msinkhu wa munthu wokhala pamkeka, osaisuntha. Wenders kamera yake ndi yonyamula pamanja, imatsatira Hirayama ngati ikujambula zochitika zenizeni, ndipo filimu yonse adaijambula m'masiku 17 okha. Njira n'zosiyana, koma chikhulupiriro n'chimodzi: kukhumudwa kwa masiku wamba n'koyenera kukuyang'anitsitsa popanda kukusandutsa tsoka.

Pali chodandaula chimene sindingachilambalale. Filimuyi idabadwa kuchokera ku ntchito yotchedwa The Tokyo Toilet, imene idamanga zimbudzi 17 m'dera la Shibuya, zolembedwa mapulani ndi akatswiri otchuka monga Tadao Ando, Kengo Kuma ndi Shigeru Ban, amene zake ndi zagalasi loonekera mkati koma limachita khungu munthu akakhoma chitseko. Wenders adaitanidwa kuti akazione ndi kujambulapo kanthu, iye n'kusankha kupanga filimu yathunthu. Chiyambi chimenechi chimaonekera. Zimbudzi zimene Hirayama amatsuka n'zokongola, ndipo nyansi zenizeni za ntchitoyi kamera imazizemba. Timamuona akusuzumira ndi kagalasi kunsi kwa mtondo wa chimbudzi, koma chimene chimanyansa munthu pa ntchito yotere sitichiona. Kuwonjezera apo, mlongo wake Keiko akubwera kudzatenga Niko pa galimoto yapamwamba yokhala ndi dalaivala, ndiye tikuzindikira kuti Hirayama adachokera m'banja lopeza bwino. Moyo wosalira zambiriwu adachita kusankha. Mayi amene amakolopa chimbudzi cha pamsika chifukwa palibe ntchito ina, ana akumudikira kunyumba, ali ndi ufulu wonse wofunsa ngati filimuyi ikunena za iye. Yankho loona n'lakuti ayi, ndipo amene angaigwiritse ntchito pouza osauka kuti azingokhutira akuinamizira.

Chimene chimaipulumutsa ku mlandu umenewu ndi magawo awiri. Takashi akusiya ntchito mwadzidzidzi, pafoni, ndipo Hirayama akugwira yekha ntchito ya anthu awiri mpaka usiku. Tsiku limenelo palibe mtengo wojambula, kosamba kumene amapita akaweruka sapitako, buku limene amawerenga usiku silitsegulidwa. Akuimbira foni kuofesi mawu ali okwera, kunena kuti sangapitirize chonchi. Apa filimu ikuvomera poyera kuti mtendere wa munthuyu uli ndi maziko ake: maola a ntchito okhala ndi malire, malipiro okwanira lendi ndi mbale ya chakudya, nthawi yopuma. Zikachotsedwa zimenezi, kuwala kwa m'masamba sikumuthandiza. Gawo lina ndi la mlongo uja. Keiko akumuuza kuti bambo awo ali kunyumba yosungirako okalamba, nzeru zidayamba kuwathawa, ndipo akumupempha kuti akawaone. Hirayama akupukusa mutu, akumukumbatira mlongo wakeyo, ndipo galimoto itachoka akulira yekha pakhomo. Chimene chidachitika pakati pa iye ndi bambo ake sitiuzidwa. Koma kuyambira pamenepo dongosolo lake la m'mawa tikuliona ndi maso ena: ndi chinthu chimene adachimanga ndi manja ake pamwamba pa bala.

Zonsezi zikadagwa pakadapanda Yakusho. Sewero lake lagona m'maso, m'mapewa ndi m'manja. Taonani mmene akusewerera masewera a X ndi O ndi munthu wosamudziwa, pa kapepala kobisidwa m'mphako ya khoma la chimbudzi: tsiku lililonse akuwonjezera chizindikiro chimodzi, n'kukabweza mosamala ngati kalata. Taonaninso usiku uja m'mbali mwa mtsinje, pamene akumana ndi mwamuna wakale wa mayi wogulitsa mowa amene Hirayama amamukonda chamumtima. Bamboyo akudwala khansa, ndipo akudandaula kuti pali zambiri zimene adzafa asanazidziwe, ngakhale zoti zithunzithunzi ziwiri zikasanjikizana zimada kwambiri kapena ayi. Hirayama akumutengera pansi pa nyali kuti ayese, ndipo posakhalitsa madoda awiriwo akuthamangitsana kupondana zithunzithunzi ngati ana. Pa pepala gawoli likadaoneka lotsekemera mopitirira. Yakusho akulisewera motsimikiza mtima moti umakhulupirira kuti imeneyi ndiyo mphatso yokhayo imene munthuyu ali nayo yopatsa wodwala. Kumapeto kamera ikukhala pankhope pake kwa mphindi zingapo akuyendetsa galimoto, Nina Simone akuimba, ndipo kumwetulira ndi misozi zikusinthana popanda chimodzi kupambana. Wosewera wosakhwima akadasankha chimodzi.

Kwa anzathu amene akujambula mafilimu ndi masewero a pakanema kuno kwathu, phunziro la filimuyi silifuna ndalama zambiri. Lifuna kudekha: kukhulupirira kuti woonera angathe kuloweza tsiku la munthu, kumusiya kuti aone yekha chimene chasintha, ndi kuletsa dzanja lisathamangire kuthira nyimbo yachisoni paliponse pamene wina wakhumudwa. Perfect Days ili ndi chilema chake, zimbudzi zake n'zoyera mopitirira choonadi, koma pa kujambula munthu wosangalala amene si wopusa, ndi mafilimu ochepa a zaka zino amene angafanane nayo. Ipezeni muionere kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo muziyang'ana manja a Hirayama.