Tsiku Lolumbiritsa Mtsogoleri wa Dziko

Pa zinthu zonse zimene Boma licita poyera, palibe cimene cigwira mitima ya anthu monga mwambo wolumbiritsa Mtsogoleri wa dziko. Munthu woonera ali yekha m'nyumba angomva mau, koma woima pakati pa khamu apeza kuti misozi yatuluka iye asanaiitane. Tiyeni tione ngati cimwemwe cotere citithandiza kuona bwino, kapena citiphimba m'maso.

Pa 24 August, 2021, a Hakainde Hichilema analumbira pa bwalo la National Heroes Stadium mu Lusaka. Anthu a m'Lilanda, George ndi Matero analawira m'bandakuca, ambiri pansi, atabvala zofiira. Amene anasowa malo anaunjikana pa wailesi yakanema m'masitolo ndi m'nyumba za anansi. Amai analuluta, anyamata anabvina mumseu, ndipo anthu osadziwana anakumbatirana ngati a mimba imodzi. Cifukwa cace cinalipo. Munthuyu analephera masankho asanu napambana pa cacisanu ndi cimodzi. M'caka ca 2017 anakhala m'ndende miyezi inai pa mlandu woukira Boma. Ndipo tsopano anaposa mnzace ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi. Mnyamata wotsiriza sukulu wosowa nchito anaona kuti cala cace cagwetsa mtengo waukuru. Cimwemwe cotere sicoyenera kucinyoza.

Koma pali zinthu ziwiri zimene khamu linalakwa. Coyamba ndi ici: pamene a Edgar Lungu, amene anali kutula udindo, anaoneka pa wailesi, ambiri amene ndinali nao anawakuwiza. Apa tinaiwala mwini mwambo. Pa mwambo wa makolo athu, mfumu yatsopano ilongedwa maliro a mfumu yakale atapita, kotero palibe amene apereka mpando ndi manja ace. Koma pano munthu wamoyo, amene dzulo anali kulamula asilikari, aima pamaso pa anthu amene amkana, napereka mphamvu kwa mdani wace. Ici ndico cinthu cosowa. M'Zambia cacitika katatu kuti cipani colamula cagonja pa cisankho nkucoka mwamtendere: mu 1991 a Kenneth Kaunda atalamula zaka 27 anasiyira a Frederick Chiluba, mu 2011 a Rupiah Banda anabvomera kugonja misozi iri m'maso nasiyira a Michael Sata, ndipo kacitatu mu 2021. Wogonja akakana, sipakhala nthungululu. Pakhala utsi ndi maliro.

Tikumbukirenso kuti pa bwalo lomwelo khamu linaombera m'manja a Lungu pa 25 January, 2015, ndi pa 13 September, 2016. Akuru anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Caciwiri ndi phokoso. Mau a lumbiro ndi ocepa, ndipo mutu wace ndi wakuti wolumbirayo adzasunga ndi kuteteza malamulo akuru a dziko. Koma iye atangokweza Baibulo, mfuu inaphimba zonse, ndipo ndi owerengeka amene anamva cimene analonjeza. Polonga ufumu kumudzi, akuluakulu alangiza mfumu pamaso pa anthu, ndipo onse akhala cete kuti tsiku lina akaikumbutse. Khamu la pa bwalo ndilo mboni za lumbiro. Nanga mboni imene sinamve mau idzanena ciani pa mlandu?

Ife akalaliki a Boma tidziwa cimene cicitika m'mawa mwace. Tipacika cithunzi catsopano pa khoma, koma makalata a pa tebulo ndi omwe aja: madzi a m'makomboni, ngalande za ku Kanyama, nchito za anyamata. Makalatawa sayankhidwa ndi nyimbo.

Cifukwa cace, inu amene mwangotuluka sukulu, tsiku lotere likafika pitani, kondwerani ndi anzanu. Koma dzanja likakwezedwa khalani cete, mumve mau onse ndi kuwasunga. Ndipo wocokayo mumpatse ulemu wace, ngakhale simunamsankhe, pakuti wolowayo ali kuyang'ana, ndipo ali kuphunzira pomwepo ngati kutula udindo ndi cinthu camanyazi kapena caulemu.