Thobwa la pa Tsoka ndi buku la Tim Spector

Buku la Ferment, lomwe Pulofesa Tim Spector wa ku King's College London anatulutsa mu 2025, ndinalimaliza Lachisanu usiku. M'mawa mwake ndinawoloka kamlatho ka mitengo pa mtsinje wa Lilongwe kulowa mu msika wa Tsoka, n'kuima pa mayi wina wogulitsa thobwa pafupi ndi milu ya kaunjika. Mabotolo anali m'chidebe cha madzi, ena atafufuma pang'ono. Atatsegula limodzi, thovu linakwera mpaka kukamwa kwa botolo. "Ili ndi la dzana, bambo, lasasa. Ngati mufuna lozuna tengani la lero." Ndinatenga la dzana, poti kusasa kumeneko ndiye mutu wa buku lonseli.

Tinakula tikuphunzitsidwa kuti tizilombo ndi matenda basi. Spector akuti ambiri mwa mabakiteriya odzaza m'matumbo mwathu ndi antchito athu. Amadya zomwe mimba yalephera kugaya, monga gaga wa mu mgaiwa, makoko a nyemba ndi ulusi wa m'masamba a bonongwe, ndipo akadya amatulutsa timadzi todyetsa khungu la mkati mwa matumbo. Khungu limeneli likakhala lolimba, asilikali a m'thupi amakhala phee. Likafooka, chitetezo chimangokhala chili chilili usana ndi usiku, ndiye pamabwera kutupa kwa mkati kosamva kuwawa, komwe pakapita zaka kumawononga mitsempha ya magazi. Apa wolembayu ndi katswiri. Amafotokoza modekha, ndipo munthu wa Fomu 4 wodziwa Chingerezi akhoza kumutsatira osatayika.

Umboni wolimba wa ganizo lake ndi kafukufuku wa ku yunivesite ya Stanford wa mu 2021. Anthu 36 anagawidwa pawiri kwa masabata 10. Amene ankadya zakudya zosasa, monga yogati, kefir ndi kimchi, anapezeka ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya, ndipo zizindikiro 19 za kutupa m'magazi mwawo zinatsika. Spector amalangiza kudya zosasa katatu patsiku, pang'onopang'ono. Amanenanso kuti ngakhale mabakiteriya ofa ndi moto amathandizabe chitetezo. Mfundo imeneyi inandigwira mtima, chifukwa thobwa lathu, phala likagona ndi chimera cha mawere, timaliwiritsanso m'mawa.

Koma anthu 36 ndi ochepa, ndipo kutsika kwa chizindikiro m'magazi sikutanthauza kuti munthu wapulumuka ku sitiroko. Kuti matumbo amakhudza mtima n'zoona. Gulu la Stanley Hazen ku Cleveland Clinic linaonetsa mu 2011 ndi 2013 kuti mabakiteriya ena akadya zinthu za mu nyama yofiira ndi mazira, chiwindi chimapanga chinthu chotchedwa TMAO, ndipo anthu okhala ndi TMAO wambiri amadwala mtima kwambiri. Zoti kapu ya kefir imateteza mtima ndi nkhani ina, ndipo apa chidwi cha wolemba chikuthamanga kuposa umboni. Wowerenga adziwenso kuti Spector ndi mmodzi mwa amene anayambitsa ZOE, kampani yogulitsa malangizo a kadyedwe. Kuno kwathu, komwe kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi BP yokwera, ndikuopa munthu wa ku Area 47 kapena ku Area 10 amene angawerenge bukuli n'kutaya mapiritsi ake. Asatero.

Khitchini ya m'bukuli ndi ya ku London: mabotolo agalasi, firiji, kombucha, miso, kabichi wosasitsa. Ife tiliwerenge tikukumbukira chambiko, mphale yoviika masiku angapo, ndi chinangwa cha kondowole. Tikumbukirenso kuti Malawi ali ndi gawo lake mu sayansi imeneyi. Mu 2013 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa gulu la Jeffrey Gordon, mogwirizana ndi College of Medicine ya ku Blantyre, pa mapasa 317 a kuno, kuwerenga awiriawiri. M'mabanja ambiri mmodzi ankadwala matenda osowa zakudya, kuphatikizapo kwashiorkor (kutupikana), mnzake ali bwinobwino, chonsecho akudyera mbale imodzi. Mabakiteriya a mwana wotupikana ataikidwa mu mbewa zopanda tizilombo, n'kuzipatsa chakudya cha kumudzi kuno, mbewazo zinawonda. Ana athu ndi amene anaphunzitsa dziko lapansi kuti njala ndi matumbo zimayendera limodzi.

Palinso zomwe munthu wa pa Tsoka amadziwa kuposa pulofesa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali pakati pa maboma ovutika kwambiri. Botolo lotola m'njira, lotsukidwa ndi madzi okayikitsa, likhoza kusandutsa thobwa labwino kukhala maliro. Chimera chosungidwa pachinyontho chimachita chuku, ndipo poizoni wa chuku amawononga chiwindi. Shuga amene ogulitsa ena amathira kuti makasitomala abwerenso amabweza m'mbuyo phindu lonse kwa wodwala shuga.

Bukuli ndi labwino pofotokoza mmene matumbo ndi chitetezo zimagwirira ntchito, koma pa za mtima liwerengedwe mosamala. Anamwino, ophunzira za kadyedwe ndi aphunzitsi a Biology alipeze. Ndipo inu a ku LUANAR ku Bunda ndi a ku KUHeS, tengani thobwa ndi chambiko mukaziyese pa anthu athu monga anachitira a ku Stanford, kenaka mutilembere zotsatira zake m'Chichewa, kuti ndi mayi wa pa Tsoka uja aziwerenge.