Sitima ya ku Beira: Anaimangira Yani?

Ife acikulire timakonda kuyamika sitima ya pamtunda imene inkacoka ku Blantyre kumuka ku Beira. Koma ciyamiko cosayesa bwino sicipindula kanthu. Tiyeni tsono tiiyese monga mphunzitsi ayesa nchito ya mwana, zokoma pa zokha, zolakwa pa zokha.

Njanjiyo inamangidwa zigawozigawo. M'caka ca 1908 inalumikiza Blantyre ndi Port Herald, ndiye Nsanje wa lero, kudzera pa Luchenza ndi Chiromo. Mu 1915 inalowa m'dziko la Apwitikizi nifika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Ndipo mu 1922 ina inacokera ku Dondo, pafupi ndi Beira, nifika ku Murraça, tsidya lija. Pakati panatsala mtsinje. Aulendo ankatsika naoloka pa sitima ya pamadzi, imene inkabvutika ndi mcenga madzi akacepa m'cilimwe, anthu nacedwa padooko. Bvuto ili linatha mu 1935, pamene anatsegula mlatho wa Dona Ana pakati pa Mutarara ndi Sena, wotalika koposa mailosi 2.

Zokoma zace sitikana. Ulendo wa kunyanja yamcere, umene kale unali wa masabata pa mtsinje ndi pa macila, unafupika ndithu. Makalata, mabuku ndi mankhwala zinafika msanga. Ndipo wofuna nchito ku Salisbury ankatha kutsika pa Dondo nakwera ina ya ku Umtali.

Koma mlandu wathu ndi uwu: maso a eni njanjiyo anali pa tiyi, fodya ndi thonje, osati pa munthu. Anthu akuda ankapanikizana pa mabenci a matabwa, m'ngolo zao zapadera. Tsono ciwongoladzanja ca ngongole ya njanji ya tsidya lija cinagwera Boma la Nyasaland, ndiko kunena kuti okhoma msonkho m'midzi anasenza katunduyo, ngakhale ambiri a iwo sanakwerepo sitima.

Mathero ace aticitira umboni. Mu 1970 katundu anapeza njira ina ya ku Nacala. Pa nkhondo ya m'Mozambique, imene inayamba mu 1977 nitha mu 1992, mlatho wa Dona Ana unaonongedwa. Ndipo mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo. Malasha a ku Moatize atafuna njira ya ku Beira, mlathowo unakonzedwanso kuti sitima zidutsepo. Koma sitima ya anthu yocokera ku Blantyre sinabwerere konse.

Cifukwa cace, akuluakulu akanena za kuutsa njanji ya Kucigwa ca Shire, tisangoomba m'manja. Tifunse kuti, Mai wa ku Nsanje, amene abale ace ali ku Mutarara, adzakhala pati ndi dengu lace, ndipo adzalipira zingati? Pakuti ngati funso ili lisayankhidwa pociyamba, adzaiwalikanso monga anaiwalika makolo ace.