Amisiri a dongle

Ndimawapatsa ulemu anyamata okonza makompyuta amene ankadziwa kuweta dongle. Kachipangizo kameneka, kawirikawiri ka Huawei kapena ZTE, kamasunga simu khadi m'kati, ndipo ukakalowetsa pa USB kamakoka intaneti kuchokera ku nsanja ya mafoni. Aphunzitsi ambiri akumudzi anatumizira pamenepa imelo yawo yoyamba.

Koma kuti kagwire pankafunika luso. Anyamatawa ankangoyang'ana kagetsi kake: pa Huawei, kobiriwira ndi 2G, kabuluu ndi 3G. Netiweki ikavuta, ankalumikiza chingwe chachitali n'kukapachika pawindo loyang'ana kunsanja, kenako n'kukonza ma setingi a intaneti otchedwa APN. Chimene ndimawayamikira kwambiri n'chakuti ankaletsa Windows kukoka ma update yokha, kuti bandulo ya munthu wosauka isathe usiku umodzi.